Mfuti ya sipuling'i ikayamba kuvuta: poyambira kufufuza musanaiphwasule

Madandaulo ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. Wina wapeza HW35 (mfuti ya mpweya ya kampani ya Weihrauch) yakale itaima kuseri kwa kabati, wina wagula BSA Meteor kwa munthu, awombera masiku awiri basi ayamba, eti mfuti yatha mphamvu, ikumwaza, ikufuka utsi. Nde chimene ambiri amathamangira ndi ziwiri, kuthira oyilo pabowo lililonse lomwe aliona, kapena kumasula mfuti yonse tsiku lomwelo. Ziwiri zimenezi ndi zomwe zapha mfuti zambiri zabwino kuposa dzimbiri. Mavuto ambiri ali kunja kwa mfuti, pa mabauti, pa peleti (kachipolopolo ka mfuti za mpweya), pa kagwiridwe kanu, ndipo amatheka ndi sikuludalaiva yokha.

Mwachidule mmene imagwirira ntchito. Mukathyola mpope kapena kukoka liva mumapanikiza sipuling'i kumbuyo kwa pisitoni, kumeneku nde kutchera. Mukakhudza tiriga pisitoni imathamangira kutsogolo, imafinya mpweya mu silinda, mpweyawo umadutsa pa kabowo kakang'ono nkukankha peleti. Mulibe thanki, mulibe gasi. Nde ikavuta olakwa ndi ochepa: sipuling'i, silu (chotseka mpweya kuti usathawe) ya pisitoni, silu ya pamene mumalowetsa peleti, mabauti, peleti, kapena inuyo eni ake.

Musanagwire chilichonse

- Onetsetsani kuti mfuti sinatcheredwe ndipo mulibe peleti. Yang'anani ndi maso anu, osangokumbukira.
- Osawombera yopanda peleti. Pisitoni imakamenya chitsulo kutsogolo popanda mpweya woibweza, silu ndi sipuling'i zimawonongeka. Timapeleti ta nsanza totsukira mpope tokha nato ndi chimodzimodzi, ndi topepuka kwambiri.
- Polowetsa peleti dzanja limodzi lizigwirabe mpope kapena liva. Nthawi zonse. Ngakhale mfuti ili ndi loko wake.
- Valani magalasi. Peleti ikamenya thabwa lolimba kapena chitsulo imabwerera komwe yachokera.

1. Ikumwaza, mapeleti sakugwera pamodzi

Ili nde dandaulo lalikulu, ndipo apa ndikhalapo pang'ono. Yambani pamwamba kutsika mmusi, osadumpha.

*Mabauti a thabwa la mfuti amasuka.* Ichi ndi choyamba ndithu. Mfuti ya sipuling'i imanjenjemera pa kuwomba kulikonse nde mabauti amabwerera pang'onopang'ono inu osadziwa. Kawirikawiri pamakhala awiri kutsogolo mmbali mwa thabwa ndi ena pa chitsulo chotchinga tiriga. Amangeni ndi sikuludalaiva yokwana bwinobwino mu mpata wake, osati yaing'ono yomwe ingakukute mutu wa bauti. Akamamasukabe, atsukeni achoke mafuta nkudonthezapo Loctite (guluu wa mabauti) wabuluu kadontho kamodzi. Wofiira ayi, mudzalira tsiku lomasula. Pa Weihrauch samalani ndi kabauti kakang'ono ka kumbuyo kwa chotchinga tiriga, sikafuna mphamvu, kungokagwiritsa basi.

*Kagwiridwe.* Anthu ambiri sakonda kumva zimenezi koma ndi zoona. Pamene pisitoni ikuthamanga, peleti imakhala isananyamuke, mfuti imayamba kugwedezeka peleti ikadali mkati mwa mpope. Mukaifinya mwamphamvu lero, mawa nkuigwira mofewa, kapena kusuntha dzanja pang'ono, peleti ipita kwina. Njira yake ndi yomwe amaitcha artillery hold: ikani thabwa pachikhatho chotambasula, osalikumbatira, paphewa ingokhudzani, tsaya lingotsamira, muisiye ibwerere mmene ikufunira. Dzanja likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ena mpaka amamatapo katepi kuti asaiwale. Ndipo osagoneka mfuti pa thabwa kapena pakhoma mwachindunji, ikani dzanja pakati. Mukawomba khalani chomwecho mukuyang'anabe chandamale kwa kamphindi, osadzutsa mutu msanga kufuna kuona pomwe yagwera.

*Peleti siikugwirizana ndi mpope.* Mpope uliwonse uli ndi chimene umakonda, mfuti ziwiri zamtundu umodzi zimatha kukana peleti imodzi. Yesani mitundu itatu kapena inayi ya mutu wozungulira, monga JSB Exact, H&N Field Target Trophy, RWS Superdome. Zosongoka zija zimaoneka zoopsa mu chitini koma patali zambiri zimamwaza. Onaninso pansi pa chitini, pamalembedwa kukula kwa mutu, 4.50, 4.51 kapena 4.52mm pa mfuti za .177 (za mpope wa 4.5mm), kusiyana kwake nkochepa koma mpope umamva. Amene muli ndi BSA kapena Webley zakale za .22 dziwani kuti mipope yambiri ya nthawi imeneyo ndi ya 5.6mm pomwe mapeleti amasiku ano ndi 5.5mm, nde peleti imangogwera mkati mopanda kugwira. Sakani yonenepako. Peleti yopindika siketi, kumbuyo kwake kotambasuka kuja, itayeni.

*Mpope ukugwedera.* Pa mfuti zothyola, tsekani mpope nkuugwedeza kumanja ndi kumanzere. Ukamasewera, bauti yapakati pomwe mpope umazungulira yamasuka kapena mawasha ake adyeka. Muyezo wake ndi uwu: mfuti ikatcheredwa, mpope muli chigwirire, uziima pomwe mwausiya osagwa wokha, koma osalimba mpaka kukukuta. Onaninso kachitsulo kokhoma mpope potseka, kaziluma ndi kaphokoso komveka. HW35, yomwe inayamba kupangidwa mu 1951, ili ndi loko wakewake wokankha ndi chala nde vutoli silichulukapo.

*Mpope wada kapena kukamwa kwake kwavulala.* Ndaika kumapeto dala. Mfuti za mpweya sizifuna kutsukidwa pafupipafupi, mulibe onga. Ngati zonse zapamwambazi zili bwino, kokani kansalu kouma ndi chingwe kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo mpaka katuluke koyera. Mukatero musadabwe ikamwazabe pa mapeleti makumi angapo oyamba, mpope umafuna kuvalanso mtovu pang'ono. Kukamwa kwa mpope kukagunda pansi nkubenthuka, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

2. Mphamvu yatsika

Choyamba, mwadziwa bwanji? Khutu limanama, ndipo kuboola chitini si muyezo. Chida chake ndi chronograph, choyezera liwiro la peleti. Wombani mapeleti 10 amtundu umodzi mulembe manambala. Masamu ake: kulemera kwa peleti mu ma grain (muyezo wa kulemera kwa mapeleti), kuchulukitsa ndi liwiro mu fps (mafiti pa sekondi), nkuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi 450240, mupeza ma ft-lb, muyezo wa mphamvu ya mfuti. Mwachitsanzo peleti ya 8.44 yothamanga 780 ikupatsani pafupifupi 11.4. Mfuti yathanzi manambala ake amayandikana, akamadumpha ndi 40 kapena 50 pakati pa kuwomba kwina ndi kwina pali china chikutayikira kapena chikuyaka mkati.

Komanso musaiyembekezere zomwe siinapangidwire. Diana 27 kapena Meteor si mfuti zamphamvu ndipo sizinakhalepo choncho. Mukaona chilembo F mkati mwa kachizindikiro ka ngodya zisanu pa mfuti ya ku Germany, imeneyo inapangidwa kuti mphamvu yake isapitirire 7.5 joules (muyezo wina wa mphamvu), siinafooke ayi, ndi mmene inabadwira.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

- *Silu ya polowetsa peleti.* Kamphira kozungulira kaja kumbuyo kwa mpope. Kakaphwatalala, kung'aluka kapena kuuma, mpweya umathawira pomwepo. Kuyesa kwake nkosavuta, yalani katishu kopepuka pamwamba pa molumikizira mpope nkuwombera pamalo otetezeka, kakauluka nde kuti ikutaya. Kuisintha ndi ntchito ya mphindi zochepa, ichotseni ndi kamtengo kosongoka osati mpeni. Yatsopano izitumphuka pang'ono chabe pamwamba pa chitsulo.
- *Silu ya chikopa yauma.* Mfuti zakale zambiri, Diana 27, Webley Mark 3, HW35 ndi BSA Airsporter zoyambirira, zili ndi silu ya pisitoni ya chikopa. Imeneyi ndiyo yokhayo yomwe imamwadi mafuta. Madontho ochepa a neatsfoot (mafuta ofewetsera chikopa) kapena silicone wopangira mfuti za mpweya kudzera pa kabowo ka mpweya, imikani mfuti choloza kumwamba usiku wonse, mawa lake thyolani mpope kangapo pang'onopang'ono osafikitsa potchera. Nthawi zambiri imadzuka ngati yatsopano.
- *Silu ya pulasitiki yapsa kapena yanyenyeka.* Iyi mafuta sangaithandize. Feinwerkbau 124 imadziwika ndi zimenezi, silu yake yoyambirira imafumbutuka ikakalamba, mumangoona tizidutswa ngati phula louma tikutuluka mu mpope. Ma Meteor ndi Airsporter apambuyo pake ali ndi kawasha kofewa kuseri kwa mutu wa pisitoni komwe nakonso kamasanduka phala. Mukaona zotere siyani kuwombera pompo, pisitoni ikumenya chitsulo.
- *Sipuling'i yatopa kapena yathyoka.* Chizindikiro chake, kutchera kwapepuka mwadzidzidzi kapena mukumva kukukuta. Chodabwitsa nchakuti sipuling'i yothyoka nthawi zina imawomba mofewa bwino kuposa kale, nde munthu amasangalala kuti mfuti yakhazikika pomwe zidutswa zikukanda silinda mkati. Kuisiya yotchera kwa masiku kapena masabata nako kumaifooketsa.

Pa Airsporter ndi Webley Mark 3 pali china chowonjezera, peleti imalowa pa kachitsulo kotembenuza ngati ka pampopi wa madzi. Kakadyeka kamataya mpweya, ndipo sikongogula kena nkuikapo, kamafuna kukwanitsidwa ndi munthu wodziwa.

3. Ikuphulika ngati mfuti ya onga, ikufuka utsi

Apa wolakwa ndi mmodzi pafupifupi nthawi zonse: oyilo. Pisitoni ikafinya mpweya mwadzidzidzi mumatentha kwambiri moti mafuta aliwonse omwe ali kutsogolo kwa silu amayaka, ndendende mmene injini ya dizilo imayakira popanda pulagi, nchifukwa chake amati dieseling. Kautsi pang'ono mu mpope ndi kafungo pa mfuti yatsopano kapena yongokonzedwa kumene sizodetsa nkhawa. Koma kuphulika kwenikweni kuja, komwe mfuti imadumpha mmanja, kumawotcha silu, kumabweza pisitoni mwamphamvu mpaka kuthyola sipuling'i.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndili wamng'ono munthu wina anandiuza kuti kadontho ka oyilo kuseri kwa peleti kamawonjezera mphamvu, nde ndinkasangalala ndi phokoso lija kuganiza kuti ndatulukira nzeru. Sipanathe mwezi mfuti inali ikungopuma, potsegula tinapeza silu yakuda bii mbali imodzi itadyeka ndi moto.

Chochita:

- Siyani kuthira chilichonse pa kabowo ka mpweya. WD-40, oyilo wa galimoto, wa makina osokera, zonsezi ayi.
- Pukutani mpope ndi kansalu kouma.
- Wombani mapeleti olemerako ndi okwana bwino, 20 kapena 30. Opepuka kwambiri amakulitsa vuto.
- Ikapitirizabe kuphulika nde kuti girizi wadutsa kutsogolo kwa silu kapena silu yang'ambika. Ikufunika kutsegulidwa nkutsukidwa.

Nthawi zina phokoso si dieseling ayi, ndi peleti yopepuka ya aloyi yomwe yapitirira liwiro la phokoso pa mfuti yamphamvu. Sinthani peleti muone.

4. Ikulira twang, ikunjenjemera, kapena ikukukuta potchera

Kulira kwa sipuling'i kuja si matenda kwenikweni, mfuti zambiri zimachoka nako ku fakitale. Sipuling'i imakhala ndi mpata pa gaidi yake (kandodo kolowa mkati mwa sipuling'i) nde ikamasuka imavina mkati. Mankhwala ake ndi omwe anthu amati kutchuna: gaidi yokwana thithithi, nthawi zambiri ya pulasitiki wolimba wotchedwa Delrin, kachipewa kutsogolo kwa sipuling'i mkati mwa pisitoni, kusalaza nsonga za sipuling'i, kuchotsa timinga ta chitsulo mmbali mwa mpata wa silinda kuti tisacheke silu polowetsa, kenako girizi pang'ono. Pang'ono ndithu. Girizi wa moly wopakidwa mopyapyala kumbuyo kwa pisitoni ndi mmbali mwa silu, kumaso kwa silu osapakako konse. Amene amadzaza girizi wolemera pa sipuling'i amathetsadi phokoso koma mphamvu imatsika ndipo kukazizira liwiro limasinthasintha.

Maganizo anga pa nkhani ya kuika sipuling'i yaikulu kuti iwonjezere mphamvu: musatero. Mphamvu ya mfuti izi imadalira kukula kwa silinda ndi mtunda womwe pisitoni imayenda, sipuling'i yolimba kwambiri imangobweretsa kugunda, kuvuta kutchera, kudya tiriga, kenako liwiro lokwera pang'ono kapena osakwera nkomwe. Komanso malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ku Britain mwachitsanzo mfuti yopitirira 12 ft-lb imafuna laisensi, nde fufuzani lamulo la komwe muli musanasinthe za mkati.

Kukukuta potchera ndi nkhani ina. Yambani mwadontheza oyilo pa mfundo za liva ndi pa bauti yapakati, apa nde oyilo amaloledwa. Kukapanda kusiya, kapena mukaona tiziphuthu ta chitsulo tonyezimira pa mpata wapansi pa silinda, siyani, mwina sipuling'i yathyoka kapena chitsulo chikudya chinzake.

5. Sikopu ikusuntha kapena yakana kufika pachandamale

Mfuti ya sipuling'i imagunda mbali ziwiri, kumbuyo kenako kutsogolo, nchifukwa chake imapha masikopu omwe amapirira pa mfuti zikuluzikulu za onga.

- *Zogwirira sikopu zikutsetserekera kumbuyo.* Lembani mzere ndi pensulo pa njanji, wombani 20, muone ngati zasuntha. Gwiritsani zogwirira zokhala ndi kapini kolowa pa bowo la pamwamba pa silinda, kapena chogwirira chimodzi chachitali. Pukutani mafuta pa njanji musanamange.
- *Mwazungulitsa mpaka kumapeto koma ikugwerabe pansi.* Mpope unaweramira pansi pang'ono, zofala pa mfuti zothyola, ma Diana amatchuka nazo. Osakakamiza sikopu kumapeto kwa mpata wake, zamkati zimayamba kuyandama nde pomwe sikopu ikuloza sipakhazikika. Pezani chogwirira chopendekeka chopangidwira zimenezi, kapena ikani kapulasitiki kopyapyala pansi pa sikopu mu chogwirira chakumbuyo, kamodzi kapena tiwiri basi ndipo osamanga mopyola.
- *Sikopu yafa.* Ichotseni muwombere ndi zoyang'anira za chitsulo. Mapeleti akayambanso kugwera pamodzi mwapeza wolakwa.

6. Ikukana kutcheredwa, kapena ikuwomba yokha

Apa samalani kwambiri. Ngati mwakoka mpope mpaka kumapeto koma siikugwira, osausiya, ubwezeni pang'onopang'ono muli chigwirire. Zoyambitsa zake kawirikawiri ndi izi: simunakoke kufika kumapeto, wina anasewera ndi timabauti ta tiriga kufuna kuti ipepuke, bauti ya thabwa yaitali kapena yomangidwa kwambiri ikukhudza za mkati, girizi wakale wauma mu tiriga, kapena sear, kachitsulo kogwira pisitoni, kadyeka.

Chomwe mungayese nokha ndi kubweza kabauti kosinthira tiriga komwe kanali, ngati ndinu munakasuntha. Pa tiriga ya Rekord ya Weihrauch kabauti kakakulu ka kuseri kwa tiriga ndi komwe kali kanu, tina tamkatito tisiyeni. Osapala sear ndi fayilo kapena sandipepa, kunja kwake kokha ndi komwe kuli kolimba, mukadutsa pamenepo imadyeka msanga. Mfuti yomwe yawombapo yokha ngakhale kamodzi, potseka mpope kapena pochotsa sefite, isagwirenso ntchito mpaka mmisiri aione. Mpope ukatsekeka wokha ndi mphamvu ya sipuling'i umapindikira mmwamba, thabwa limang'aluka, ndipo chala chikapezeka pakati nkhani yake ndi ya kuchipatala. Pa mfuti za liva ngati HW77 ndi Diana 48 zala zimalowa mkati mwenimweni polowetsa peleti, nde dzanja linalo lisachoke pa liva.

7. Peleti yatsakamira mu mpope

Osawomberanso ina pamwamba pake. Tsegulani mpope pang'ono osatchera, yang'anani kuchokera kumbuyo, ikankheni ndi kandodo ka brass (chitsulo chofewa chachikasu) kapena kamtengo kowongoka. Msomali ndi waya wachitsulo zimakanda mizere ya mkati. Ikatuluka bwererani ku nambala 2, peleti siitsakamira popanda chifukwa. Mukapeza kuti muli zingapo zopanikizana, kapena ana analowetsamo zinthu zina, pitani nayo kwa mmisiri.

8. Dzimbiri ndi thabwa lotuwa

Kwa osunga mfuti zakale, dzanja lopepuka. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi steel wool wa 0000 wonyowetsa ndi oyilo, kupukuta mofatsa. Sandipepa ayi. Airsporter ya 1948 kapena Meteor yoyambirira ya 1959 yokhala ndi mtundu wake wakale wothethekatheka imakopa odziwa kuposa yopalidwa nkupakidwa mwatsopano, ndipo pa BSA zina zolemba za pa silinda ndi zosazama moti mukapukuta mwamphamvu zimapita osabweranso. Osasunga mfuti mu chikwama cha siponji kwa miyezi, chimasunga chinyezi. Mukamaliza kuwombera pukutani pomwe munagwira ndi kansalu ka oyilo. Zida zakale zomwe mwachotsa, ngakhale sipuling'i yotopa, ikani mu kathumba mulembepo dzina la mfuti.

Pomwe muyenera kusiya nkupita kwa mmisiri

- Mfuti yawomba yokha, kapena tiriga siikugwira bwino.
- Ikufunika kutsegulidwa ndipo mulibe chopanikizira sipuling'i. Ngakhale yosatchera sipuling'i imakhala yofinyidwa kale mkati, pa mfuti zina kwambiri, mukachotsa mapini chotsekera chakumbuyo chimauluka ngati chipolopolo.
- Mpope wapindika, silinda yatupa kapena ili ndi mng'alu.
- Mfuti ndi ya gas ram osati sipuling'i. Mkati muli mpweya wopanikizidwa, osaiboola kapena kuitenthetsa.
- Ndi ya mipikisano yopanda kugunda ngati Feinwerkbau 300S kapena ma Diana a mapisitoni awiri, za mkati mwake zimafuna kulinganizidwa bwino.
- Yatcheredwa nkukanirira, siikuwomba komanso siikubwerera. Osalimbana nayo, osasuzumira kukamwa kwa mpope, iyeseni yodzaza, muuze mmisiri musanafike kuti mukubweretsa yotchera.

Popita tengani chitini cha mapeleti omwe mumagwiritsa, pepala la chandamale lomwe likuonetsa mmene ikumwazira mutalembapo mtunda, ndi manambala a chronograph ngati muli nawo. Ndipo ngati munathiramo WD-40 ingonenani, akatsegula fungo alimva okha.